Makalata a Ana a Mmisiri wa ku Anglesey

Mwezi uno nkhani yathu ikucokera kutali, ku Wales, dziko laling'ono la mapiri ndi nkhosa limene liri kumadzulo kwa England pa cilumba ca Britain. Ambiri a ife tikamva za Britain timangoti konseko nkwa Angelezi. Koma sizili tero. Awelshi ali ndi cinenero caocao, cimene Mngelezi wosaciphunzira sangatolepo kanthu, ndipo pa kalembera wa caka ca 2021 anapezeka anthu 538,300 ocilankhula m'dzikomo. Kuti mtundu umenewu ukudziwabe ndakatulo za makolo ao lero lino, mbali ina ndi cifukwa ca anthu owerengeka a m'zaka za m'ma 1700 amene sanali kutopa ndi kulemberana makalata.

Kumpoto kwa Wales kuli cilumba cochedwa Anglesey, cimene eni ake amaciti Môn. Kumeneko, pa malo ochedwa Pentre-eiriannell, kunali mlimi wina amene analinso mmisiri wa matabwa ndi migolo, dzina lake Morris Prichard, ndi mkazi wake Margaret. Ana ao aamuna anali anai: Lewis wobadwa mu 1701, Richard mu 1703, William mu 1705, ndi John. Sukulu sanapite nayo patali, koma onse anatuluka m'nyumba ya atate ao ali ndi njala ya mabuku. Atakula, nchito inawamwaza monga momwe imamwazira mabanja athu, wina ku Chipata, wina ku Kitwe, wina ku Johannesburg. Lewis anakhala woyeza malo. Anayenda m'gombe la Wales kuyeza madooko, ndipo mapu ake anasindikizidwa mu 1748. Pambuyo pake anayang'anira migodi ya mtovu ya boma ku Cardiganshire, kumene mikangano ndi eni malo inamlowetsa m'ndende kwa kanthawi mu 1753. Richard anapita ku London akali mnyamata nakhala kalaliki ku ofesi ya asilikali a pamadzi. William anatsala ku Anglesey, nagwira nchito ya msonkho pa dooko la Holyhead pamene pamakocezera zombo za ku Ireland. John, cisirizira mwa anyamatawo, anali wa pamadzi, ndipo anafera pa ulendo wa nkhondo yolimbana ndi Spain mu 1740.

Makalata ao amene asungika kufikira lero ali pafupifupi 1,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi a William. Munthu akamva kuti ndi makalata a anthu ophunzira amayembekezera mau olemera okhaokha, koma akawatsegula amapeza cifuwa ca Richard, mphumu ya Lewis, ndi mankhwala amene aliyense akulangiza mnzake. Amapeza William akusimba za dimba lake, za maluwa amene aphuka ndi amene afota ndi cisanu, akupempha mbeu kwa mbale wake wa ku London, akutumiza zigoba za nkhono za m'nyanja kwa anzake okonda zacilengedwe. Muli za ana odwala, za maliro, za oyandikana nao amene akwatira, za atate ao okalamba, za ndalama zosowa. Tsono pakati pa zonsezi, mosacenjeza, wina amafunsa tanthauzo la liu lakale limene walipeza m'buku long'ambika, kapena amakopera mnzake ndakatulo yonse ya mlakatuli amene anafa zaka 300 iye asanabadwe, kenaka nkubwereranso ku nkhani ya cifuwa.

Ife Akristu kalembedwe kotere sikacilendo kwa ife. Paulo Woyera, m'kalata yake yaciwiri kwa Timoteo, atatha kunena za cikhulupiriro ndi za imfa yake imene inali pafupi, anakumbukanso copfunda cake cimene anasiya ku Troasi pamodzi ndi mabuku, napempha kuti amtengere. Kalata yeniyeni imatero, pakuti woilemba ndi munthu wamoyo amene amamva cisanu.

Kulemba kalata masiku amenewo kunali ndi mtengo. Sitampa inadza mu 1840. Isanadze, amene anali kulipira kawirikawiri ndi wolandira, ndipo mtengo unali kukwera malinga ndi mtunda ndi kucuruka kwa mapepala. Motero kulembera mbale wako wosauka kalata yaitali kunali kumpatsa ngongole. Koma aphungu a Nyumba ya Malamulo makalata ao anali kuyenda ulere, ndiye cifukwa cake abale a Morris, monga anthu ambiri a nthawi yao, anali kusakasaka mapepala osainidwa kale ndi phungu kuti akulungiremo makalata ao. Ngati ameneyo wasowa, kalata inali kudikira munthu wa pa ulendo kapena woyendetsa combo.

Cina cimene cimatiseketsa ndi kalankhulidwe kao. Anthu amenewa, amene anapereka moyo wao kutetezera Ciwelshi, anali kuyamba ciganizo m'Ciwelshi nkucitsiriza m'Cingelezi, kapena kuciyamba m'Cingelezi nkukhotera ku Ciwelshi pamene afika pa nthabwala kapena pa miseche. Ife amene timagwira pakamwa ana athu a ku Lusaka akamasakaniza Cinyanja ndi Cizungu, mwina tizifatsako pang'ono. Komatu tisathamangire kuwayamikira anawo, pakuti a Morris anali kusakaniza zinenero ziwiri zimene anazidziwa bwino zonse, ndipo Richard yemweyo ndiye anakonza ndi kuyang'anira kusindikizidwa kwa Baibulo la Ciwelshi mu 1746 ndi mu 1752, liu ndi liu.

Nanga cinali kuwasowetsa tulo nciani? Cinenero cao cinali cisanafe, pakuti anthu wamba ambiri m'Wales sanali kudziwa cina. Cimene cinali kutayika ndi nzeru yake yakale. Kwa zaka mazanamazana mafumu ndi eni malo a Ciwelshi anali kusunga alakatuli m'nyumba zao, ofanana pang'ono ndi oyimba zitamando za mafumu kwathu kuno. Alakatuli amenewa anali ndi malamulo obvuta: mu mtundu wina wochedwa cywydd mzere uliwonse uli ndi maphatikizo asanu ndi awiri, ndipo mamvekedwe a m'theka loyamba la mzere ayenera kuyankhidwa m'theka laciwiri. Luso lotere linali kuphunziridwa kwa zaka, pakamwa ndi pakamwa. Koma olemera a m'dzikomo atayamba kutengera Cingelezi ndi makhalidwe a ku London, alakatuli anasowa owadyetsa, ndipo sukulu yao inatha.

Zimene zinatsala zinali m'mabuku olembedwa pamanja, ena pa zikopa. Apa ife Akatolika tikumbuke kuti mabuku ambiri akale koposa a Ciwelshi anakopedwa ndi amonke, ku nyumba zonga ya Strata Florida ya amonke a Cistercian. Mfumu Henry VIII atatseka nyumba za amonke pakati pa 1536 ndi 1540, mabuku anabalalika. Ena anaonongeka, ena anakathera m'nyumba za anthu olemera kumene adzukulu a eni ake sanali kudziwa kuwawerenga, ndipo cinyontho ndi mbewa zinali kucita nao zimene zifuna. A Morris ndi anzao anali a mpingo wa Anglican, koma cimene anali kupulumutsa cinali, mwa mbali yaikuru, nchito ya manja a amonke athu. Popeza kunalibe nyumba ya mabuku ya dziko lonse, kunalibenso yunivesite m'Wales monse, makalata ndiwo anali sukulu yao. Wina akamva kuti kunyumba yakuti kuli buku lakale, analembera mnzake wa kufupi kuti akalibwereke nkulikopa. Mu 1751 Richard ndi Lewis anayambitsa ku London bungwe la Awelshi lochedwa Cymmrodorion, ndi colinga cakuti mabuku otere asindikizidwe. Kunena zoona, mamembala ambiri anakonda mgonero ndi cakumwa ca pamsonkhano koposa mabukuwo, ndipo zambiri zimene Lewis analota sizinacitike iye ali moyo. Buku lake lalikuru la maina akale a anthu ndi malo, Celtic Remains, linadikira kufikira 1878.

Mwa onse amene analowa m'bwalo la makalata limeneli, amene nkhani yake imagwira mtima ndi Goronwy Owen. Anabadwa mu 1723 ku Anglesey komweko, mwana wa munthu wosauka wokonza mapoto. Mai ake, amene anagwirako nchito m'nyumba ya a Morris, ndiwo anamphunzitsa kulankhula Ciwelshi coyera, pakuti sanali kulola liu lopotoka kutuluka m'kamwa mwa mwana wao. Mnyamatayo anaphunzira Cilatini ndi Cigriki ku Bangor, ndipo mu 1746 anadzozedwa mu mpingo wa Anglican, umene atumiki ake amakwatira. Anatumikira m'parishi ya kwao masabata owerengeka cabe, malowo napatsidwa kwa wina. Kuyambira pamenepo sanakhalenso ku Anglesey. Anakhala wothandizira m'maparishi a ku England, pa malipiro ocepa, ndi mkazi ndi ana, akuphunzitsanso sukulu kuti apeze cakudya.

Munthu ameneyu akanazimirira osadziwika cikhala kuti Lewis Morris sanayambe kulemberana naye. Lewis anaona msanga kuti mwana wa wokonza mapotoyo ali ndi mphatso yoposa yake. Anamtumizira ndakatulo zakale kuti aziphunzire, namkonzera mizere, namlimbikitsa. William anamfunira malo ku Walton, pafupi ndi Liverpool, mu 1753, ndipo anambwereka mabuku ake. M'zaka zocepa zimenezo Goronwy analemba pafupifupi zonse zimene Awelshi amamkumbukira nazo: ndakatulo ya Tsiku la Ciweruzo, ya maliro a Margaret mai wa a Morris, ya maliro a kamwana kake Elin kamene kanafera ku Walton, ndi zolira kwao ku Môn. Ndakatulo iliyonse inali kuyenda m'kalata, kucoka kwa Goronwy kupita kwa William, kwa William kupita kwa Richard, aliyense akuikopa ndi kuikapo ndemanga. M'makalata akewo anali kupempha cinthu cimodzi mobwerezabwereza, kuti wina amlankhulire kwa akuluakulu apatsidwe parishi ku Wales. Parishiyo sinapezeke.

Apa mpamene ubwenzi unayesedwa. Goronwy anali kumwa, ndipo ngongole zinali kumtsata. Mu 1755 anacoka ku Walton napita ku London, poyembekezera kuti bungwe la Cymmrodorion limlemba nchito ya malipiro, koma bungwelo linalibe ndalama zotero. Atayandikana ndi Lewis maso ndi maso, anthu awiri amene anakondana pa pepala anayamba kuipirana. Lewis, munthu waukali amene milandu ya migodi inali itamwawitsa mtima, analembera abale ake mau owawa za Goronwy, kumchula cidakwa ndi wosayamika, mpaka kumpekera nyimbo zomnyoza. Sitikuti Lewis ananama. Amene anathandizapo mbale wakumwa akudziwa kutopa kwake: ulipira ngongole lero, mawa wapanga ina. Koma Ambuye anatiphunzitsa kuti mbale akalakwa tiyambe tapita kwa iye tiri awiri, ndipo kalata yonena munthu kwa wacitatu siyicita zimenezo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mlomo wa Lewis unatsala pa pepala, ndipo patapita zaka zoposa 250 anthu akuuwerengabe. Amene anasunga mtima wofatsa ndi Richard, yemwe sanatseke citseko cake, ndi William, amene anali kudandaula koma osaleka kufunsa za mnzakeyo.

Ca kumapeto kwa 1757 Goronwy anakwera combo kupita ku Virginia, ku America, kukaphunzitsa pa sukulu ya College of William and Mary ku Williamsburg, pa malipiro a mapaundi 200 pa caka, ndalama zimene sanazionepo ku England. Mkazi wake ndi mwana wao wamng'ono anafera panyanja.

Mnzao wina anali Evan Evans, wobadwa mu 1731 ku Cardiganshire, kufupi ndi mabwinja a Strata Florida, amene anzake anamucha Ieuan Brydydd Hir, ndiko kuti Ieuan mlakatuli wamtali. Uyu ndiye anali katswiri weniweni wa mabuku akale pakati pao. Nayenso anali mtumiki wa Anglican wosapatsidwa parishi yakeyake, nayenso botolo linamgonjetsa kawirikawiri, ndipo anayenda parishi ndi parishi atasenza mitolo ya mapepala. Mu 1758 anapeza ndakatulo yochedwa Y Gododdin, imene amati inapekedwa ndi Aneirin, yosimba za ankhondo 300 amene anapita kukamenyana ku Catraeth ca m'ma 600 nathera komweko pafupifupi onse. Lewis anakondwa ngati mwana, nalembera mphunzitsi Edward Richard wa ku Ystrad Meurig kuti apeza cinthu coyenera kuima pamodzi ndi ndakatulo zazikuru za Agriki ndi Aroma. Mu 1764 Evans anasindikiza buku la zitsanzo za alakatuli akale a Ciwelshi ndi matanthauzo ake, ndipo ophunzira a ku England anayamba kuona kuti anansi ao a kumapiri anali ndi mabuku kalekale. Iye mwini anafa wosauka mu 1788, m'nyumba imene anabadwiramo, atapereka mabuku ake onse olembedwa pamanja kwa munthu wolemera, Paul Panton, posinthana ndi kandalama ka pa caka.

Evans anali ndi cifukwa cimene anali kunena poyera ca umphawi wake ndi wa Goronwy. M'zaka zimenezo maepiskopi a Anglican a ku Wales anali anthu osadziwa Ciwelshi, ndipo maparishi abwino anali kupita kwa abale ndi abwenzi ao. Analemba za ici mwaukali, ndipo kulemba kotero sikukanamkondweretsa episkopi aliyense. Kuti sanali kungolira cabe, zinaoneka ku Anglesey komweko. Mu 1766 parishi ya Trefdraeth inapatsidwa kwa Thomas Bowles, Mngelezi wokalamba wosadziwa Ciwelshi, pamene mwa akristu ake pafupifupi 500 amene anali kumva Cingelezi anali owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Akuluampingo a m'parishiyo anakasuma, mothandizidwa ndi bungwe la Cymmrodorion, ndipo mu 1773 bwalo la mpingo linabvomera kuti wosadziwa cinenero ca anthu sayenera kupatsidwa parishi yotero, ngakhale kuti Bowles mwini silinamcotse. Ife amene tinaleredwa ndi ansembe ocokera ku France, ku Canada ndi ku Holland, amene anathyola lilime kuphunzira Cinyanja asanakwere pa guwa kukalalika, nkhani iyi imatikumbutsa kuti cimene tinalandira sicinali cinthu wamba.

Kwathu kuno nafenso tinali ndi nyengo ya makalata. Amuna atapita ku migodi ya ku Kitwe ndi ku Luanshya, ku mapulazi a ku Southern Rhodesia kapena ku Joni, kalata ndiyo inali kugwira banja, ndipo kawirikawiri mphunzitsi kapena mkatekisti ndiye anali kuiwerenga ndi kulemba yankho. M'makalata amenewo munali mvula, mitengo ya cimanga, maina a ana obadwa, milandu ya pamudzi, ndi Cinyanja ca anthu amene sanalembepo buku. Ambiri anakolezera moto kapena anadyedwa ndi ciswe. Lero timalankhulana pa foni tsiku ndi tsiku, ndipo sitikunyoza, pakuti mai wa ku Katete akumva mau a mwana wake wa ku London nthawi yomweyo. Koma foni ikatayika kapena ikafa, zaka zonse za kuceza zimapita nayo. Ngati m'sutikesi ya agogo mukali mtolo wa makalata omangidwa ndi kansalu, musautaye posesa m'nyumba maliro atatha. Uikeni pouma, ndipo wina wa m'banjamo aujambule.

Tibwerere kwa Goronwy. Ku Virginia anakwatiranso, mkaziyo namwalira posacedwa. Nchito ya pa sukulu inatha mu 1760, mowa uli pakati pa zifukwa zake. Anapatsidwa parishi ya St Andrew ku Brunswick County, kutali ndi gombe, nakwatira kacitatu, nagula munda wa fodya. Pali cinthu cimene ife a ku Africa sitingacilumphe: pa munda umenewo anali ndi akapolo, anthu akuda. Munthu amene analira m'ndakatulo zokoma koposa cifukwa ca kutalikirana ndi kwao anasunga anthu ena amene anacotsedwa kwao ndi unyolo, iwo kapena makolo ao, ndipo amenewo analibe wowalembera kalata. Awelshi a masiku ano amacinena cimeneci poyera pokamba za mlakatuli wao.

Kwa zaka zambiri abwenzi ake sanamve kanthu kucokera kwa iye. Mu 1763 ndakatulo zake zinasindikizidwa ku London m'buku limodzi ndi za Lewis, lochedwa Diddanwch Teuluaidd, mwini wake ali kutsidya la nyanja. William anamwalira caka comweco, Lewis namtsata mu 1765. Mbiri ya imfa ya Lewis inacedwa kufika ku Virginia. Itafika, Goronwy, amene anali atakhala zaka pafupifupi khumi pakati pa anthu osamva cinenero cake, anakhala pansi nalemba ndakatulo ya maliro ya munthu amene anamnyoza uja, m'Ciwelshi, pa miyeso yonse 24 ya alakatuli akale imene anthu awiriwa anali kukambirana m'makalata ao. Apao ndi mizu ya kacere. Anaitumiza kwa Richard mu 1767, ndipo imeneyo ndiyo kalata yake yotsiriza imene iripo. Anamwalira mu July 1769, naikidwa ku Virginia.

Richard anakhala kufikira 1779, yekha mwa anyamata anai aja. Iye sanali kutaya pepala. Mabuku ndi makalata amene anasunga anapita ku sukulu ya ana a Ciwelshi ku London, ndipo mu 1844 anaperekedwa ku British Museum. J. H. Davies anasindikiza makalata a abalewo m'mabuku awiri pakati pa 1907 ndi 1909, ndipo Hugh Owen anaonjezera ena awiri mu 1947 ndi 1949. Osindikizawo sanangosankha mau a nzeru okha. Anasiyamo zifuwa, ngongole, ndi mbeu za m'dimba la William.